Kafukufuku Asasanduke Mtchona

Mvula ikatha, misewu ikauma, galimoto loyera limaima pansi pa mtengo m'mudzi wina wa kufupi ndi Embangweni, Manyamula kapena Luwerezi. M'galimotomo mumatuluka anyamata ndi atsikana ovala mwaukhondo. Kale ankanyamula mapepala, koma masiku ano amanyamula timakina tam'manja. Akalonjera anyakwawa amalowa pakhomo pamene asankha, ndipo mayi wa pakhomopo amasiya mtondo, nayala mphasa, nayamba kuyankha. Kodi sabata yathayi mudadya nyama kangati? Mchere mudagula wa ndalama zingati? Mbuzi zilipo zingati m'khola? Bambo a anawa ali kuti, ndipo ndalama adatumiza liti? Mafunso amatha maola awiri kapena atatu. Potsiriza alendo aja amathokoza, galimoto limanyamuka, ndipo mayi uja amabwerera ku mtondo wake dzuwa litapendeka kale. Zimene zidzatuluke m'mayankho ake sadzazimva mpaka kalekale.

Munthu amene adapita kukagwira ntchito kunja kwa dziko nakhazikika komweko, osalemba kalata, osatumiza kanthu, osabweranso, amatchedwa mtchona. Ku Mzimba mawu amenewa sachita kumasuliridwa, pakuti mabanja ambiri ali naye wawo. Mtchona adabadwira m'mudzi ndipo adakula ndi nsima ya m'mudzi, koma mphamvu zake zikupindulira anthu ena. Kafukufuku wambiri wa umphawi amene wachitika m'boma limeneli ali ndi khalidwe lomwelo. Amabadwira pamphasa ya mayi wosauka, amakakulira m'maofesi a ku Zomba ndi ku Lilongwe, amakatchuka m'masukulu aukachenjede a ku Ulaya ndi ku America, koma kwawo sapondako. Kumeneku sikusowa ulemu chabe ayi. Ndi kutenga chinthu chamtengo wapatali kwa munthu wosauka popanda kumbwezera gawo lake, ndipo mchitidwe wotere uyenera kutha.

Kufunsa anthu a ku Mzimba za umphawi wawo sikudayambe dzulo. Dziko la Angoni a M'mbelwa lidalowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1904, ndipo msonkho wa nyumba udayamba kutoleredwa mu 1906. Msonkho unkafuna ndalama, koma m'bomali mudalibe ntchito zokwanira, ngakhalenso misika yogulitsirako mbewu. Tsono amuna adayamba kuyenda pansi kupita ku migodi ndi minda ya ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa. Mu 1935 boma la atsamunda lidakhazikitsa komiti, motsogozedwa ndi Travers Lacey, kuti ifufuze za amuna opita kunjawa. Komitiyo idayerekeza kuti amuna okwana 120,000 a m'dziko lino adali kunja, kutanthauza kuti mwa amuna anayi alionse, mmodzi sadali pakhomo. Idafotokozanso za minda yosalimidwa mokwanira ndi maukwati osweka. Lipotilo lidalembedwa m'Chingerezi kuti awerenge akuluakulu a boma. Amayi amene adatsala ndi ana m'midzi sadauzidwe kuti mavuto awo alembedwa m'buku.

M'zaka zomwezo katswiri wa chikhalidwe cha anthu, Margaret Read, adakhala pakati pa Angoni naona kakhalidwe ka midzi imene amuna ake adachoka. Pa ntchito yake adathandizidwa kwambiri ndi Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni, munthu wodziwa bwino mbiri ya mtundu wake. Zimene Read adapeza zokhudza maulendo a amuna ndi zotsatira zake m'midzi zidasindikizidwa mu 1942 m'magazini ya bungwe loona za ntchito pa dziko lonse. Ntchito yake idali yozama, ndipo ophunzira a m'maiko akutali amaiwerengabe mpaka lero. Komatu adzukulu a anthu amene adamulandira m'nyumba zawo, namuuza zakukhosi, ambiri sadziwa n'komwe kuti agogo awo adalembedwa.

Ofufuza a pambuyo pake adaulula zinthu zimene munthu aliyense wa ku Mzimba ayenera kuzidziwa. Katswiri wa mbiri yakale, Leroy Vail, adaonetsa kuti kusauka kwa chigawo chakumpoto, chimene atsamunda ankachinyoza kuti n'chakufa, sikudachokere ku ulesi wa eni ake. Ndalama za boma zidathera pa ngongole za njanji za kum'mwera, pamene kumpoto kudasiyidwa kuti kukhale nkhokwe ya anthu antchito. Wiseman Chijere Chirwa, wa ku Chancellor College, adalongosola mmene ntchito za m'migodi zidathera. Mu 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda adaletsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Mu 1977 ntchitoyo idayambiranso pansi pa dzina la TEBA, koma mu 1988 idaimanso chifukwa cha mkangano wa kuyeza magazi pofuna kupeza kachilombo ka HIV, ndipo Amalawi pafupifupi 13,000 adabwezedwa kumudzi. Mu 2006 Jens Andersson adasindikiza zimene adapeza ku Mzimba kwenikweniko, zoti ulendo wa ku Joni sudathe pamene makalata a TEBA adatha, koma udasanduka wa munthu payekha, wodalira abale ndi eni magalimoto a m'boma momwemo amene amanyamula anthu ndi katundu. Harvey Chidoba Banda, wa ku Mzuzu University, adafufuzanso za amuna ndi akazi a ku Mzimba opita ku South Africa.

Nzeru zonsezi n'zamtengo wapatali. Zimayankha funso limene limasautsa mnyamata wa folomu 4 ku Jenda kapena pa boma pa Mzimba, loti n'chifukwa chiyani agogo ake adapita, bambo ake adapita, ndipo iyenso akuganiza zopita. Zimamuchotsera manyazi a bodza lakuti kwawo n'kosauka chifukwa anthu ake sakonda khasu. Zimamuthandiza kuona kuti umphawi uli ndi mbiri, ndipo chimene chidapangidwa ndi malamulo a anthu chingathe kusinthidwa ndi malamulo a anthu. Nanga nzeruzi zili kuti? Zili m'magazini a akatswiri, m'Chingerezi chovuta, ndipo ambiri mwa magaziniwo salola munthu kuwerenga pa intaneti asadalipire ndalama zakunja. Mwini nkhani amafunika kugula nkhani yake yomwe, pa mtengo umene sangaukwanitse.

Nalo boma limafufuza. Ofesi yoona za chiwerengero ya National Statistical Office ku Zomba imachita kafukufuku wamkulu wa m'mabanja pakapita zaka zingapo. Imawerengera mtengo wa chakudya chokwanira kupatsa munthu mphamvu pa tsiku, nionjezera zofunika zina monga sopo, zovala ndi mankhwala. Amene zogwiritsa ntchito zake sizifika pa mlingo umenewo amawerengedwa kuti ndi wosauka. Mu 1997/98 adapeza kuti pa anthu 100 alionse m'dziko muno, 65 adali osauka. Mu 2004/05 adapeza 52, ngakhale kuti kawerengedwe kadasintha kotero kuti ziwerengero ziwirizi siziyenera kufanizidwa mwachisawawa. Mu 2010/11 adapeza pafupifupi 51, mu 2016/17 adapeza pafupifupi 52, ndipo mu 2019/20 adapezanso pafupifupi 51. M'chaka chotsirizachi mlingo wa umphawi udali pafupifupi K454 pa munthu pa tsiku, ndipo anthu 20 pa 100 alionse sankakwanitsa ngakhale chakudya chokha. Kunena mwachidule, kwa zaka 15 theka la Amalawi lidakhalabe mu umphawi. Lipoti la bungwe la Oxfam la 2015 lidaonjezera kuti mu 2004/05 gawo limodzi mwa magawo khumi la anthu olemera kwambiri linkagwiritsa ntchito chuma choposa cha gawo la osaukitsitsa ka 22, koma pofika 2010/11 kusiyanako kudafika ka 34.

Ziwerengero zimenezi n'zoopsa, ndipo zikadafika m'makutu a anthu amene adazipereka, bwenzi akufunsa aphungu ndi makhansala awo mafunso ovuta. Koma pali chifukwa china chachikulu chimene zotsatira ziyenera kubwerera kumudzi: ziwerengero zimatha kuphonya, ndipo wozikonza bwino ndi mwini mudzi. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo pa kalembera wa 2018 lidali ndi anthu oposa 900,000 osawerengera mzinda wa Mzuzu. Chiwerengero chimodzi cha boma lonse chimasakaniza wamalonda wa tomato ndi anyezi wa pa Jenda ndi mlimi wa kumapiri a Khosolo amene msewu umamuthawa nthawi yadzinja. Chimasakaniza mwini esiteti ya fodya ndi matenanti ake. Pajatu boma lomweli limene limatumiza ana ake ku Joni lakhala likulandiranso mabanja ochokera kum'mwera, odzalima fodya wa eni minda. Mabanja amenewa ankapatsidwa chimanga pa ngongole chaka chonse, nadzalandira malipiro fodya akagulitsidwa, nthawi zina osatsala ndi kanthu. Nyumba ya Malamulo idathetsa mchitidwe wa utenanti mu 2021, koma amene angauze wofufuza ngati lamulolo lafikadi m'minda ndi anthu okhala pafupi ndi mindayo.

Ngakhale pakhomo pamodzi pamabisala zambiri. Wofufuza amalemba kuti nyumba ndi ya njerwa zootcha ndi yofolera ndi malata, m'nyumbamo muli wailesi yakanema, choncho banjali likupeza bwino. Sadziwa kuti malatawo adagulidwa zaka zisanu zapitazo, ndipo kuyambira pamenepo mwamuna sadatumizenso kanthu. Sadziwa kuti kumalo kumene mkazi amakhala kwa mwamuna atapereka malowolo, ndalama zochokera ku Johannesburg zingathe kufikira kwa apongozi kapena kwa alamu, mkazi ndi ana n'kumalandira zotsala. Sadziwa kuti ziwawa zothamangitsa alendo ku South Africa, monga za 2008, 2015 ndi 2019, zimatha kugwetsa banja lonse usiku umodzi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Anthu a m'mudzi amazidziwa zonsezi, ndipo wofufuza akadabwerera nawerenga zotsatira zake pabwalo, bwenzi amayi atamuuza kuti apa mwalondola, apa mwaphonya.

Kusabwererako kwabalanso chipatso china chowawa. Munthu amene wafunsidwa kasanu osaona phindu lililonse amatopa. Ena amayankha mothamanga kuti alendo achoke msanga. Ena amaganiza kuti kulemba maina kulikonse n'kwa thandizo la feteleza, chimanga kapena ndalama, tsono amabisa mbuzi ndi njinga, nachulukitsa chiwerengero cha ana amasiye. Kuwanena kuti ndi abodza n'kosavuta, koma wolakwa weniweni ndi amene adawazoloweza kuti mafunso amabwera popanda kufotokoza kumene mayankho amapita. Mayankho opotoka amabala ziwerengero zopotoka, ziwerengero zopotoka zimabala mapulani opotoka, ndipo pamapeto pake wovutika ndi mmphawi yemwe uja.

Ena amatsutsa ponena kuti kafukufuku salembedwera anthu a m'mudzi koma boma, ndipo phindu lake limafika kwa anthu kudzera m'ntchito zachitukuko. Mfundoyi ili ndi choonadi pang'ono. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, idayesedwa ku Mchinji mu 2006, ndipo idafalikira m'maboma ena ofufuza ataona kuti ikuthandiza. Koma mfundoyi imaiwala kuti kuyambira 1994 dziko lino lili mu ulamuliro wa demokalase, ndipo mu 1998 lidavomereza ndondomeko yopereka mphamvu ku anthu. Makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'madera amayembekezeka kusankha okha chimene chiyenera kuyambirira, kaya ndi mjigo, mlatho kapena chipinda chophunzirira. Adzasankha bwanji mwanzeru ngati zimene zidapezeka zokhudza dera lawo zili m'kabati ku Lilongwe? Kupatsa anthu mphamvu n'kuwamana chidziwitso kuli ngati kupatsa mlenje uta wopanda mivi. Ndiponso lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Ufulu umenewu ulibe tanthauzo kwa munthu wolankhula Chitumbuka ngati nkhanizo zili m'Chingerezi chokha.

Enanso amati anthu a m'mudzi sangamvetse ziwerengero, kubwerera kumafuna ndalama zambiri, ndiponso zinsinsi za mabanja zingaululike. Mawu oyambawo ndi chipongwe. Mayi amene amasunga mabuku a banki m'khonde, nawerengera chiwongoladzanja cha anthu makumi awiri osaphonya tambala, sangalephere kumva kuti pa mabanja khumi a m'dera lake, anayi chakudya chimawathera mwezi wa Januwale usadafike. Za ndalama, bungwe limene lidapeza mafuta a galimoto opitira kukatenga mayankho silinganene kuti lasowa mafuta okaperekera zotsatira. Likangowerengera ulendo wachiwiriwo pa chiyambi, ndalama zake zidzapezeka. Za zinsinsi, palibe amene akupempha kuti maina a anthu atchulidwe pabwalo. Chofunika ndi chithunzi cha dera lonse, osati cha pakhomo pa uje.

Umboni woti zimenezi n'zotheka uli m'boma lomweli la Mzimba, cha kumpoto kwake. Mu 2000 ogwira ntchito pa chipatala cha Ekwendeni, ataona kuchuluka kwa ana onyentchera, adagwirizana ndi wofufuza wa ku Canada, Rachel Bezner Kerr, nayambitsa ntchito yotchedwa Soils, Food and Healthy Communities. M'malo mongofunsa alimi mafunso, adapempha midzi kuti isankhe alimi ake okhala m'gulu lofufuza. Alimiwo adayesa okha m'minda yawo kubzala nandolo, mtedza ndi soya mosakaniza ndi mosinthanitsa ndi chimanga, nakwirira masangwi kuti abwezere chonde m'nthaka. Zotsatira zinkakambidwa m'midzi momwemo. M'zokambirana zimenezi mudatuluka mfundo zimene pepala la mafunso likadaziphonya: kuti agogo aakazi a kuchimuna ali ndi mawu aakulu pa kadyetsedwe ka makanda, ndi kuti kukolola nyemba zambiri sikuthandiza mwana ngati bambo agulitsa zonse osafunsa mayi. Tsono adayambitsa misonkhano ya amuna, akazi ndi agogo pamodzi, ndi masiku ophunzitsana kaphikidwe. Zimene zidasindikizidwa mu 2011 zidaonetsa kuti ana a m'midzi imene idatenga nawo mbali kwa nthawi yaitali ankakula bwino kuposa poyamba. Kafukufuku ameneyu adafika m'magazini a kunja monga ena onse, koma adayamba wadyetsa kwawo.

Choncho yankho si kuthamangitsa ofufuza. Safunsa adadya phula, ndipo dziko losawerenga anthu ake osauka limayenda mumdima. Popanda ziwerengero za ku Zomba, aliyense wandale akadatha kuima pansanja nanena kuti umphawi watha, popanda womutsutsa. Chofunika n'chakuti kafukufuku akhale ndi mwambo. Bungwe la National Commission for Science and Technology, limene makomiti ake amapereka chilolezo cha kafukufuku, lisavomereze ntchito imene sidalembe tsiku, njira ndi ndalama zobwezera zotsatira kwa ofunsidwa. Khonsolo ya M'mbelwa isunge lipoti lililonse lokhudza bomali pamalo pamene mphunzitsi, mlangizi kapena wophunzira angalipeze, pamodzi ndi chidule cha masamba awiri m'Chitumbuka ndi m'Chichewa. Wailesi ya m'dera ya Mzimba Community Radio ipatsidwe zotsatirazo kuti iziulutse ndi kulandira maganizo a omvera. Mafumu, kuyambira nyakwawa mpaka Inkosi ya Makhosi ku Edingeni, asamalole galimoto loyera kulowa m'mudzi asadafunse funso limodzi: mudzabwera liti kudzatiuza zimene mwapeza? Nawo masukulu aukachenjede a m'dziko muno, pamodzi ndi Centre for Social Research imene idakhazikitsidwa ku Zomba mu 1979, ayenera kutsogolera, pakuti sangadandaule za kutalika kwa ulendo monga anzawo a kutsidya kwa nyanja.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri ophunzira a m'makalasi apamwamba a sekondale. Anyamata ndi atsikana amene amatuluka m'galimoto loyera lija nthawi zambiri ndi anthu amene angomaliza folomu 4 kapena koleji, olembedwa ganyu ya masabata ochepa. Mawa lino ambiri mwa amene ali m'kalasi lero adzakhala pamphasa yomwe ija atagwira kamakina, akufunsa mayi wa msinkhu wa mayi awo kuti adadya kangati dzulo. Ena adzakwera mpaka kukhala olemba malipoti ndi okonza mapulani a dziko. Pa tsiku limenelo adzayenera kukumbukira kuti yankho lililonse ndi ngongole. Mayi uja adapereka maola atatu a ntchito yake, naulula manyazi a m'nyumba mwake kwa mlendo. Madzi saiwala khwawa. Mudzi umene wataya ana ake ambiri ku utchona kwa zaka zoposa zana uli ndi ufulu wofuna kuti mawu ake, ngakhale okhawo, azibwerera kwawo.